Kankhope Kamene Kanaseka Maliro

"Munaseka, ababa. Musandiuze zina. Anthu onse a pagulu anaona ndi maso awo."

Rejoice ananena mawuwa ataima pakhomo, foni ili m'manja, chikwama chobwerera nacho ku tauni chili kale paphewa. Bambo ake, a Elifasi, anali pakhonde akusema mpini wa khasu. Panali patadutsa masiku anayi okha chiikireni m'manda akazi awo a Selina, mayi ake a Rejoice.

"Ndinaseka kuti? Anandimva ndani?"

"Mufoni, ababa! Atsibweni a Frackson atalemba pagulu la banja kuti amayi atisiya, aliyense analemba chipepeso. Inu munatumiza ichi. Katatu!"

Anawatosa foniyo kumaso. A Elifasi anatulutsa magalasi awo a pamsika wa Nsaru, amene mwendo umodzi unali womanga ndi ulusi, n'kuyang'anitsitsa. Panali tinkhope titatu tachikasu, tozungulira ngati zitumbuwa, kalikonse kali ndi madontho awiri akuthovoka m'maso.

"Eya, ndinatumiza ndine. Nanga iyi si misozi?"

"Ndi misozi ya phwete! Onani kukamwako. Mano onse ali pamtunda. Kameneka amatumiza munthu akaseka mpaka nthiti kuwawa."

"Iwe unaonapo munthu akulira maliro atatseka pakamwa?"

"Ababa, musandiyankhe choncho."

"Ndikufunsa. Tsiku lija pamene umagubuduka pamanda paja, pakamwa pako panali potseka?"

Rejoice anapukusa mutu, misozi yeniyeni ili mbwembwembwe. Anati ku ntchito kwake anzake anali ataona kale chithunzi cha uthengawo, chifukwa wina anachijambula n'kuchimwaza. Anati m'mudzi monse mukumveka zoti bambo ake anakondwa ndi imfayo. Anati iye sakudziwanso choti akhulupirire.

"Ndiye ukukhulupirira kachidole kojambulidwa ndi munthu amene sanapondepo kuno, kusiya ine amene ndinkatawasa amako m'chipatala milungu isanu? Iwe unali kuti milungu isanuyo?"

Funsoli linamubaya. Rejoice anakonza chikwama chake n'kunena mouma kuti adzabwera Loweruka lachitatu, tsiku limene atsibweni ake anaika kuti akumane pa nkhani yosudzula. Kenako anauyamba wa kumsewu kukakwera kabaza. Sanatsanzike.

A Elifasi anatsala akuyang'ana mpini uja. Kusudzula ankakudziwa. Mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi ndi kumasula mwamuna. Kale, mkamwini wokalamba amene wabereka pamudzi ankauzidwa kuti, "Takumasulani, koma khalani muziyang'anira ana." Masiku ano malo anachepa, ndipo mawu achiwiriwo anthu amawaiwalira dala. Iwo anachoka kwawo ku Nambuma zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo kudzakhala chikamwini kuno kuseri kwa Nsaru. Njerwa za nyumbayi anaumba okha. Dimba la kudambo analipeza lili tsekera lokhalokha, lero muli tomato, anyezi, nzimbe ndi chitsime chosaphwa ngakhale mu Okutobala. Ku Nambuma kunalibenso ngakhale pomanga khola la nkhuku. Akawachotsa pano, apita kuti?

Mlungu woyamba usanathe, anayamba kuona kusintha. Akadutsa pa mjigo, amayi ankasiya kucheza n'kumayang'ana zidebe zawo. Tomato amene ankatha asanafike n'komwe pamsika anayamba kuwolera m'dengu. Mayi wina amene kwa zaka zambiri ankapikula anyezi kwa iwo anawalambalala ngati chitsa. Anthu ndi otero. Munthu ukhoza kuwathandiza kukumba manda a abale awo zaka makumi atatu, koma tsiku limodzi lokha foni ikakunenera zoipa, amamvera foniyo.

Lachiwiri la mlungu wotsatira, ali kuthirira anyezi, anaona alamu awo a Frackson akutsetsereka kudambo ndi mlendo wovala jombo zatsopano. A Frackson anali mchimwene wa malemu, mwini mbumba, munthu wa mimba yake ndi mafoni awiri. Awiriwo sanapereke moni. Anayamba kuyenda m'malire a dimba akuwerenga mapazi.

"Alamu, mwataya chiyani m'dimba mwanga?"

"Dimba lanu? Munabwera nalo pa njinga kuchokera ku Nambuma?"

"Ndinabwera ndi manja awa. Mlendoyu ndani?"

"Ndi bwana a ku Njewa. Akungoona."

"Aone msanga azipita. Akundipondera mbewu."

A Frackson anamuuza mlendoyo kuti atsogole. Kenako anayandikira, natsitsa mawu ngati munthu wachifundo.

"Alamu, ine ndikukufunirani zabwino. Anthu akwiya. Akuti munthu woseka maliro a mkazi wake ndiye kuti akudziwapo kanthu. Mukudziwa zimene anyamata amachita ndi nkhalamba zoganiziridwa. Bwanji mungonyamuka mwaulemu lisanafike Loweruka lija?"

"Akuti ndani? Tchulani dzina."

"Anthu."

"Anthu ake ndi inu. Chithunzi chija anamwaza ndani? Pagulu paja pali abale okhaokha a mbumba yanu, koma chinakafika mpaka kwa ogulitsa makala ku Kabudula. Chinayenda chokha?"

"Samalani pakamwa, alamu."

"Inu munasamala chala? Mwana wa mlongo wanu a Rebecca atalemba kuti bokosi lafika, inu munayankha ndi chala chachikulu choimika, ngati mwagula mbuzi motchipa. Ine ndinakuitanirani bwalo?"

"Chimenecho chimatanthauza kuti ndamva!"

"Kwa inu. Kwa ine chimatanthauza kuti zakoma. Nanga a Rebecca aja anatumiza kankhope kotseka maso kali ndi kadontho pamphuno. Ena akuti ndi chisoni, ena akuti ndi tulo, ine ndikuona chimfine. Tiwathamangitsenso?"

A Frackson analavula pansi. "Muzikayankhula zimenezo Loweruka. Koma dziwani kuti mwini malo ano tsopano ndi Rejoice, ndipo mwanayo mwamuswa mtima. Akangoti muchoke, muchoka."

Apo pokha ananena zoona. Munda ndi dimba zinali za a Selina, ndipo pa Chichewa zimatsikira kwa mwana wamkazi. Mawu omaliza anali a Rejoice.

Masana amenewo a Elifasi anakatenga foni ku golosale kumene ankatchajitsa, nakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Foniyo anagula ndi Rejoice yemweyo zaka zitatu zapitazo, kuti makolo ake azigwiritsa ntchito onse awiri. Galasi lake linali long'aluka pakona. Kwenikweni inali ya a Selina. Iwo ndi amene anaphunzira tinkhopeto, nawaonetsa amuna awo tsiku lina akusenda mtedza. "Aphiri, taonani. Mukafuna kuseka ndi aka kopanda misozi. Mukafuna kulira ndi aka, kali ndi misozi iwiri." A Selinawo palibe anawaphunzitsa. Anangoyang'ana ndi maso awo ofooka, naona misozi, nakhulupirira.

A Elifasi sukulu analekeza Sitandade 4, ndipo kuwerenga kwawo kunali kwa chala pa liwu lililonse. Anayamba kukwera m'mbuyo mwa mauthenga, mwezi ndi mwezi. Sanavutike kupeza chimene ankafuna. Chaka chatha, a Frackson atataya mdzukulu wawo wakhanda, a Selina anawalembera kuti, "Pepani achimwene, Mulungu akulimbitseni," n'kuika tinkhope tomwe tija titatu. Pansi pake a Frackson anayankha kuti, "Zikomo mlongo wanga." Basi. Panalibe bwalo, panalibe za ufiti. Nthawi imeneyo dimba linali ndi mwini wake wamoyo.

Anati aike foni m'thumba, koma chala chinatsegula pa dzina la Rejoice. Anawerenga uthenga womaliza, nabwerezanso kawiri.

Linali Lachinayi, masiku asanu ndi limodzi a Selina asanamwalire. Tsikulo analikumbuka bwino, chifukwa anachoka ku chipatala cha mishoni m'mamawa kudzatenga ufa ndi nkhuni, nasiya foni ndi wodwalayo, a Rebecca ali pambali. Rejoice analemba kuti, "Amayi, kodi ndipemphe tchuthi ndibwere mawa?" A Selina, amene nthawi imeneyo manja anali atayamba kale kunjenjemera, sanalembe liwu. Anangotumiza tinkhope titatu ta misozi iwiri. Ndipo Rejoice anayankha kuti, "Amayi inu simudzatha nthabwala! Ndiye kuti mwayamba kupeza bwino eti? Ndibwera kumapeto kwa mwezi."

A Elifasi anavula magalasi. Milungu yonseyi mumtima ankamuweruza mwanayo kuti tauni inamudya mutu, kuti anasiya mayi ake afe osamuona chifukwa cha ntchito ya m'sitolo. Chonsecho mayi analira kuti bwera, mwana anamva kuti usavutike.

Anaona pomwepo kuti uthengawu ukhoza kuwapulumutsa. Atauwerenga pabwalo, palibe angatsutse. Koma anaonanso nkhope ya Rejoice ikumva zimenezi pamaso pa mbumba yonse. Anazima foni, naiika m'thumba la jekete, nabwerera kukathirira anyezi amene anatsala.

Loweruka lija linafika. Anthu anakhala pabwalo la nyumba ya a Elifasi dzuwa litakwera pang'ono, amayi pamphasa, abambo pamipando yobwereka ku tchalitchi. Kuchokera ku Nambuma kunabwera munthu mmodzi yekha, a Jailosi, mng'ono wawo wa a Elifasi amene analinso nkhoswe, munthu wamantha amene anangokhala chipewa chili pa bondo. Rejoice anakhala pafupi ndi a Rebecca, mng'ono wa malemu, maso ali pansi. Bambo ake sanawapatse moni wa m'manja.

A Frackson anayankhula nthawi yaitali. Anayamikira mlongo wawo, anayamikira mbumba, kenako anatulutsa foni yaikulu mwa ziwiri zija n'kuiyendetsa kuti aliyense aone.

"Ife sitikunena kuti alamu anachita kanthu," anatero. "Tikungoti mtima wa munthu umaonekera pa zazing'ono. Ndiye ife ngati eni mbumba tagwirizana kuti tiwamasule lero, abwerere kwawo mwamtendere mwezi uno usanathe. A Jailosi, mwamva?"

"Tamva, tamva," anatero a Jailosi, akupotokola chipewa.

"Wamva ndiwe," anatero a Elifasi, akuimirira. "Ine sindinamve kanthu. Alamu, mwati mwagwirizana. Munagwirizana ndi ndani? Ndi bwana wa jombo wa ku Njewa uja?"

Panamveka kung'ung'udza. A Rebecca anadzutsa mutu. "Bwana wake uti?"

"Afunseni achimwene anu. Anabwera naye kudzayeza dimba ndi mapazi, maluwa a pamanda asanafote. Koma zimenezo zisiyeni. Ine ndili ndi kalata yoti ndikuwerengereni."

Anavala magalasi, natsegula foni, nawerenga pang'onopang'ono chala chili pa galasi. "Pepani achimwene, Mulungu akulimbitseni." Anatembenuza foniyo kuti anthu aone tinkhope titatu. "Awa ndi a Selina, chaka chatha, pa maliro a mdzukulu wanu. Inu munayankha kuti zikomo mlongo wanga. Ndiye ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Mlongo wanu ankaseka mdzukulu wanu? Nayenso anali mfiti?"

Mayi wina wachikulire kumapeto kwa mphasa ananena motsitsa kuti, "Inetu kameneko ndimatumizanso pa maliro." Mtsikana amene anali pambali pake anamugwira dzanja kuti akhale chete.

A Frackson anaseka mokakamiza. "Foni imeneyo munkagwiritsa ntchito awiri. Tidziwa bwanji kuti analemba ndi mlongo wanga? Mwina munali inu nomwe, munayamba kalekale kutiseka."

"Ine ndingakutchuleni achimwene? Ndili ndi njala yanji?"

"Umboni, alamu. Tipatseni uthenga umodzi wokha umene tingatsimikize kuti inu munalibepo."

A Elifasi anayang'ana foni. Dzina la Rejoice linali pomwepo, pansi pa chala chawo. Anayang'ana mwana wawo, amene tsopano anali atadzutsa mutu, akuwayang'ana ndi maso achilendo. Anazima foniyo n'kuibweza m'thumba.

"Ndilibe," anatero. "Koma pano sindichoka. Mukafuna mudzandinyamule ndi nyumba yomwe. Mudzayambe ndi njerwa za pansi, chifukwa ndinaziumba ndisanamere imvi, ndipo zimandidziwa. Mundimasule ngati mkamwini, chabwino, ndi mwambo. Koma simundithamangitsa ngati galu chifukwa cha chidole cha mufoni. Mkazi wanga ndinamulira mmene iye anandiphunzitsira kulira."

"Mwamva mwano wake?" anakuwa a Frackson. "Rejoice, mwana wa mlongo wanga, malo ano ndi ako. Nena mawu amodzi tithane nazo."

Rejoice sanali kumvetsera. Anali atatulutsa foni yake, chala chikuthamanga pa galasi, kenako chinaima. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Amayi aang'ono, Lachinayi lija ababa anabwera kuno kudzatenga ufa, munali ndi amayi ndinu?"

"Ndinali ine," anatero a Rebecca.

"Foni inali ndi ndani?"

"Inali ndi iwo. Anaiika pansi pa pilo."

"Nditawalembera kuti ndibwere, ankatani?"

A Rebecca anayang'ana a Frackson, kenako anayang'ana pansi. "Analira, mwanawe. Manja ankakana kulemba, ndiye anangodina pamalo amodzi katatu. Yankho lako litabwera anandipempha ndiwawerengere. Atamva anatembenukira kukhoma. Anati, mwana wanga watanganidwa, musamuvutitse."

"Ndiye bwanji simunanene masiku onsewa?"

"Ine sindinaone chimene anadina. Ndinangoona misozi yawo."

Rejoice anaimirira, nawerenga mokweza funso lake, nawonetsa anthu tinkhope titatu ta mayi ake, nawerenganso yankho lake lomwe mpaka pa mawu akuti kumapeto kwa mwezi. Kulira kumene analira pamenepo kunaposa kwa pamanda, ndipo aliyense amene anali ndi maso anaona kuti pakamwa pake panali potsegula, mano onse ali pamtunda.

Amayi anamugwira namukhazika pansi. Atapuma, anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, munauona uthengawu?"

"Ndinauona."

"Ndiye bwanji simunauwerenge? Akanakuthamangitsani."

"Akanayesa."

Rejoice anapukuta nkhope ndi chitenje. "Atsibweni, mwati ndinene mawu amodzi. Ngati woseka maliro ayenera kuchoka pamudzi pano, ndiye muyambe ndi ine, chifukwa ine ndinaseka amayi akadali moyo. Ababa sachoka. Nyumba ndi yawo, dimba ndi lawo mpaka tsiku limene tidzawagoneke pafupi ndi amayi. Bwana wanu wa ku Njewa mukamuuze akayeze kwina."

A Frackson anatola mafoni awo onse awiri. Anati ana a masiku ano alibe mwambo, anati nkhaniyi sinathe, anati adzaonana. Anachoka okha. Palibe anawaperekeza, koma palibenso amene anapita kukapepesa kwa a Elifasi. Anthu anangonyamula mphasa zawo mmodzimmodzi, aliyense akuoneka ngati iye sananenepo kanthu chiyambire. A Jailosi ndi amene anayamba kulimba mtima bwalo litatha, n'kumauza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti achimwene awo ndi osalakwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe, bambo ndi mwana anakhala pakhonde. Rejoice anatenga foni yong'aluka ija natsegula pamene pali tinkhope tambirimbiri.

"Ababa, taonani. Kolira kenikeni ndi aka. Misozi ikutsika ngati mitsinje iwiri, kukamwa kwagwera pansi. Tsiku lina mukadzafuna, muzidzadina kameneka, anthu asadzakuvutitseninso."

A Elifasi anakayang'ana nthawi yaitali kudzera m'magalasi a ulusi aja.

"Kameneka sindikukadziwa," anatero. "Kalembe pagulu kuti mwambo wa maluwa pamanda a amako udzakhala pa khumi mwezi wamawa."

Rejoice analemba, natumiza. Bambo ake anamulanda foniyo, nafufuza ndi chala chawo chokhakhala mpaka anapeza kachikasu ka misozi iwiri, mano ali pamtunda.

"Ababa, atsibweni ali pagulu pomwepo!"

"Aone. Aka ndi ka amako."

Anadina katatu.